Bambo Wina wa pa Ulalo

Mpaka lero ndikamva mawu akuti kafukufuku, ndimasowa mtendere. Pa wailesi akangoyamba kuti kafukufuku waonetsa zakutizakuti, ine ndimathimitsa n'kutuluka panja. Ndinapangapo wanga kamodzi kokha, ndipo anayenda bwino kwambiri. Vuto lake ndi lomwelo, anayenda bwino.

Ndiyambe ndi kukonza bodza limodzi. Ine si munthu waukali. Anthu amatero, koma sadziwa kusiyanitsa ukali ndi kuyankhula momveka. Sindikonda kubwereza mawu, basi. Mbuzi ikalowa m'dimba sindiyipempha kuti chonde ituluke.

Ndimakhala m'mudzi wina chakumtunda kwa Nsaru, kwawo kwa akazi anga, amake Tadala. Ndine mkamwini (imvi zamera, koma dzina limeneli silichoka). M'mudzimu tili ndi sukulu ya mkombaphala, kanyumba ka zidina kuseri kwa tchalitchi, kumene ana osafika msinkhu wa ku pulayimale amakaimba, kuwerenga manambala ndi kumwa phala. Ufa wa phalalo timalandira ku bungwe lina kudzera ku parishi. Ine ndine mlembi wa komiti ya sukuluyi chifukwa ndine ndekha amene ndinafika Fomu 4 (za zotsatira musandifunse, si nkhani yalero).

Chaka chimenecho, kunja kutangoyamba kutentha, ana anayamba kuchepa. A mbali yathu ankabwerabe. Amene anasowa ndi a kutsidya kwa dambo, ndipo iwowo ndiwo anali ambiri. Abungwe atabwera anapeza tiana tochepa titakhala pa mkeka umodzi, ndipo sanazungulire. Anati ngati ana sabwerera mvula isanagwe, ufa aupititsa kumudzi wina kumene kuli ana. Kumeneko ndiye kukanakhala kutha kwa sukulu yathu, chifukwa palibe mwana angayende mtunda wonsewo kudzangoimba m'mimba muli pululu. Ine ndemwe sindingayende.

Komiti yonse inaitanidwa ku Nsaru kukakumana ndi mayi Kamwendo a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ndi mayi wamfupi, wamagalasi, woyankhula motsitsa ngati pafupi pali munthu wagona. Anati tisangoganizira, tipange kafukufuku wamng'ono kuti tidziwe chimene chawaletsa anawo.

Ine ndinali nditatopa kale pa benchipo. "Amayi, palibe chofufuza apa. Azimayi a kutsidya ndi aulesi. Kudzuka m'mawa kusambitsa mwana, ayi. Lembani zimenezo tizipita."

"Alembi," anatero mayi Kamwendo, "mwayankha funso lisanafunsidwe."

"Ndiye kuti ndafulumizitsa ntchito."

"Chabwino. Popeza muli ndi changu, kafukufukuyu mupanga ndinu."

Anzanga a mu komiti anayang'anana. Ine ndinayesa nsanje.

Anandikhazika pansi mpaka dzuwa kupendeka, kundiphunzitsa kachitidwe kake. Osapita kwa anthu yankho lili kale m'thumba. Osakweza mawu. Osafunsa anthu a m'nyumba mwako, chifukwa amenewo amayankha moyang'ana nkhope yako. Koma chimene anabwereza mpaka ndinayamba kugwedeza mwendo ndi chinsinsi.

"Musanafunse kanthu, muziwauza kuti inu simudzatchula dzina lawo, nawonso asatchule dzina la munthu. Tikufufuza vuto, sitikusaka munthu."

"Ndamva, amayi."

"Mwamva, eti?"

"Ndati ndamva!"

Pobwerera tcheni cha njinga chinavuka pa chitunda, kenako chinavukanso ndisanafike patali. Ndinaiuza njingayo pamaso pa anthu kuti ikabwerezanso ndiipachika mu chigafa iume ngati fodya. Amenewo ndi mawu anga a masiku onse, ndinawatengera kwa malemu bambo anga. Ndimauza mbuzi, nkhuku, wailesi, chilichonse chosamva. Sindinapachikepo kanthu mu chigafa kupatula fodya weniweniyo.

Tsopano mumvetse mmene malo athu alili. Pakati pa ife ndi kutsidya pali dambo, ndipo powolokera ndi pamodzi, pa ulalo wa mitengo ya bulugamu. Mbali zonse za ulalowo kuli madimba, ndipo mwini wake wa malo onsewo ndi alamu anga a Lufeyo, achimwene awo a amake Tadala. Dimba langa anandipatsa ndi iwowo, lili m'mphepete mwenimweni mwa njira. Nyengo imeneyo ndinali nditafesamo nazale ya fodya. Amene anafesapo nazale akudziwa. Mbewu yake ili ngati fumbi, imamera monyinyirika, ndipo phazi limodzi lokha likhoza kukuliza chaka chonse. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakhala komweko ndi keni yanga, kuthirira.

Tsiku loyamba ndinathirira msangamsanga, kusamba, kuvala jekete, n'kuwoloka. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma wofufuza sayenda ndi malaya okha.

Ndinayambira pakhomo pa a Nangozo. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza.

"Zikomo kuno!"

"Eee, alembi, fikani. Kwagwanji kodi, jekete dzuwa lonseli?"

Ndinafotokoza zonse monga ndinaphunzitsidwira. Nditafika pa nkhani ya mayina, anasiya mtedza uja n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwati ndisatchule dzina?"

"Ndatero."

"Ndipo chimene ndinene simukwiya?"

"Ndikwiyirenji? Lero ndine wofufuza. Yankhulani, mayi, nthawi ikutha!"

Anakokera lichero pafupi, ngati akufuna pakhale kanthu pakati pathu. "Pali bambo wina."

"Ndani?"

"Mwati ndisatchule dzina."

Lamulo linali langa lomwe.

"Bambo ameneyu amakhala pa ulalo m'mawa. Ana akamadutsa amawabangulira. Wanga wamwamunayu anabwerera panjira kabudula atanyowa. Mpaka lero mukangoti tiye kusukulu, amakakamira chitseko."

Munthu wamkulu, kuopseza tiana? Ndinalemba mwamphamvu mpaka cholembera kuboola pepala.

Pakhomo lachiwiri, zomwezo. Lachitatu, zomwezo. Aliyense ankayamba wafunsa kawiri ngati ndatsimikiza za mayina, kenako n'kuti pali bambo wina. Mayi wina anati bamboyo akakalipa mitsempha ya m'khosi imatuluka ngati zingwe. Wina anati maso ake amafiira. Ndinafunsa ngati ndi chidakwa.

"Ayi, samwa. Ndi wopemphera ndithu, Lamulungu amakhala kutsogolo."

"Amenewo ndiwo oipa kwambiri!" ndinatero.

"Mwina sadziwa kuti amakalipa," anatero mayiyo akuyang'ana pansi.

"Munthu angakalipe osadziwa? Ndi chitsiru kodi?"

"Mwanena ndinu, alembi."

(Inde, ndikudziwa. Inu mwaona kale. Koma inu mwakhala pamthunzi mukuwerenga, ine ndinali mu jekete.)

Ndinaganiza zomva kwa eni ake, anawo. Ndinawaona gulu akusewera pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawaitana bwinobwino: "Ana inu! Bwerani kuno!" Sindinaonepo fumbi ngati limenelo. Ena analowa pansi pa nkhokwe, wina m'khola la mbuzi, kamodzi kanangogwa pansi n'kutseka maso. Ndinalemba kuti vutoli ndi lalikulu kuposa mmene timaganizira, ana afika poopa mwamuna aliyense.

Madzulo ake ndinaimbira foni mayi Kamwendo. Anati ana aang'ono safunsidwa mafunso ngati kukhoti, amafotokoza bwino posewera. Anati ndipemphe mlezi wa pasukulupo, a Nachisale, akakhale nawo anawo kutsidya konko, akonze kasewero koonetsa zimene zimachitika panjira, kadzaonetsedwe tsiku lopereka zotsatira.

A Nachisale nditawauza, anayamba kukonza mpango umene unali wokonzeka kale. "Alembi, mukufunadi sewero limeneli lichitike pagulu?"

"Pagulu penipeni. Munthuyu achite manyazi."

"Kapena muyambe mwalionera panokha?"

"Ndilibe nthawi yoonera zinthu kawiri."

Koma mtima sunakhazikike. Amayi aja anati sitikusaka munthu, chabwino, koma ine tulo tinkandivuta podziwa kuti munthuyo ndimakumana naye, mwina ndimamupatsa moni, mwina timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Ndinayamba kuyang'ana khosi la mwamuna aliyense. Lamulungu sindinamve ulaliki, ndinali kuwerenga mitsempha ya anthu a mabenchi akutsogolo. Pomaliza ndinaganiza zomugwira ndekha. Ndimakhala kudimba m'mawa uliwonse koma sindinamuonepo, ndiye kuti amandizemba. Ndibisale.

M'mawa mwake sindinathirire. Ndinalowa m'bango pafupi ndi ulalo n'kunjuta. Ndinadikira. Miyendo inachita dzanzi. Bamboyo osabwera. Amene anadutsa ndi alamu anga a Lufeyo okha, pa ngolo yawo, m'njira ya ng'ombe cha kumunsi, akukalipira ng'ombe zawo mokweza. Ndinayang'anitsitsa khosi lawo. Mitsempha inalipo. Ndipo kutchalitchi amakhala kutsogolo. Mwinimbumba wathunthu!

Posakhalitsa kunabwera tiana tingapo ta kutsidya, tolimba mtima. Tinaima pa ulalo, kusuzumira m'dimba langa, kusuzumiranso, kenako tinayamba kuwoloka monyang'ama. (Ndinaganiza kuti tikusirira nazale. Inali yokongola, zimenezo ndiye musatsutse.) Titaona kuti kuli zii, kamodzi kanayamba ngakhale kuimba.

Nthawi yomweyo ndinadziwa kuti ndanjuta pa mzere wa linthumbu.

Amene linthumbu linamulowapo m'buluku sandiweruza. Ndinavumbuluka m'bangomo ndikukuwa, ndikudzimenya ntchafu, lamba ali m'manja. Tiana tija tinabwerera kutsidya liwiro la mtondo wadooka, kamodzi kanasiya nsapato pa ulalo. Ndinadziuza kuti zimenezo siziwerengedwa. Aliyense angathawe munthu wotuluka m'bango buluku lili m'maondo.

Kunyumba amake Tadala anandipeza ndikudzola mafuta m'miyendo. Anakhala pa mpando, anapinda manja, n'kuyamba mwaulemu.

"Abambo a Tadala, za bambo wina mukumufunayo, ine ndimati ndikuuzeni kanthu."

"Ayi! Inu ndinu wa m'nyumba. Malamulo sakulola."

"Komatu ndi zoti zikuthandizeni."

"Mukufuna kundiwonongera kafukufuku? Kapena mukufuna kuteteza achimwene anu? Ndawaona ndi maso angawa!"

"Achimwene?"

"Sindinatchule dzina."

Anaphimba nkhope ndi chitenje n'kutuluka, mapewa akugwedezeka. Ndinawamvera chisoni. Si chapafupi kumva zotere za mbale wako.

A Lufeyo ndinakumana nawo pa chigayo. Ndinawapatsa moni wouma. "Alamu, tsiku la zotsatira mudzabwere. Mudzakhale kutsogolo."

"Sindingaphonye, alamu," anatero akumwetulira. "Ngakhale ng'ombe ndidzazimasula zidzamvere nawo."

Kulimba mtima kwake! Ndinangoti tidzaonana.

Tsikulo litafika, anthu anadzaza pabwalo la sukulu kuposa pa Khirisimasi. Kutsidya konse kunabwera, ena ochokera midzi imene ilibe n'komwe mwana pasukulupo. Wina anabwera ndi mpando wake pamutu. Ndinanyadira kuona kuti anthu akumudzi ayamba kukonda kafukufuku. Kutsogolo kunakhala mayi Kamwendo, bambo wa ku bungwe la ufa lija, ndi asisitere a ku parishi. A Lufeyo anakhala pamene ndinawauza, miyendo atapingasa.

Chinthu chimodzi chokha chinandisowetsa mtendere m'mawa umenewo. Chipewa changa cha kudimba, chamlaza, chong'ambika mbali imodzi, sindinachipeze. Ndinatembenuza nyumba yonse. Magambutsi nawonso kunalibe. Amake Tadala anati mwina ndi agalu.

Dongosolo linali lakuti liyambe sewero, lipoti pambuyo. Koma ana anali kuchedwa kuseri kwa kanyumba, a Nachisale akuwafoletsa, ndipo ine thukuta linali litadutsa kale jekete. Ndinaimirira.

"Sitingadikire ana tsiku lonse. Ndiyamba ine."

"Alembi," anatero mayi Kamwendo, "bwanji tione kaye sewero?"

"Amayi, zotsatira ndi zomwezo. Kaya tiyambe ndi mutu kaya ndi mchira."

Ndinawerenga. Choyamba ndinapepesa azimayi a kutsidya kuti ndinawanena ulesi (onani, ine ndikalakwa ndimavomera). Kenako ndinafotokoza za bambo wina. Ndinafotokoza mitsempha, maso ofiira, kabudula wa mwana wa a Nangozo, osatchula dzina la mwanayo. Ndinati munthu wotere ndi chilombo chovala buluku. Ndinati kukhala kutsogolo kutchalitchi sikutsuka munthu. Ndikunena zonsezi maso anga anali pa a Lufeyo, ndipo iwo ankangogwedeza mutu kuvomereza, ngati akumva uthenga wabwino.

Anthu anali chete modabwitsa. Ena anali ataluma nsonga za zitenje.

Mayi Kamwendo anali atandiuza kuti lipoti limatha ndi mfundo za chimene chichitike. Zanga ndinali nditazikonza ndi mtima wonse. Ndinati bamboyo akadziwika, agwade pamaso pa ana onse n'kupepesa. Aziphika phala limodzi ndi azimayi mpaka mvula igwe, adziwe kuti mwana ndi chiyani. M'mawa uliwonse aziima pa ulalo kuwolotsa ana, ang'onoang'ono aziwanyamula. Apo ndinayenera kukhala pansi. Koma pakamwa panali patatentha.

"Ndipo akakana, ngati ali ndi dimba kumeneko, alandidwe!"

A Lufeyo anaimirira pang'onopang'ono, anavula chipewa. "Ine monga mwini malo a ku ulalo, mfundo yomalizayo ndaivomereza ndi manja awiri."

Nthungululu zinamveka. Ine ndinadabwa kuti munthu akudzikumbira dzenje yekha.

"Alembi," anateronso mayi Kamwendo, tsopano akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, "mfundozi tingazivomereze pambuyo pa sewero."

"Ayi, pompano. Anthu akabalalika sasonkhananso. Amene akugwirizana nazo akweze mkono!"

Sindinaonepo mudzi wathu ukugwirizana chonchija. Ngakhale asisitere anakweza. Amake Tadala anakweza iwiri.

Ndinakhala pansi mokhutira, ndipo sewero linayamba. Anaika benchi pakati pa bwalo, ndiwo ulalo. Tiana tinatuluka pamzere tikuimba nyimbo ya manambala, n'kuyamba kukwera pa benchipo kamodzikamodzi. Kenako kuseri kwa kanyumba kunatuluka kamtsikana, mwina ka zaka zisanu, kakukoka keni. Kanali m'magambutsi ofika m'chiuno. Kumutu kanavala chipewa chamlaza chong'ambika mbali imodzi.

Chipewacho ndinachizindikira. Ndinaganiza kuti amake Tadala abwereketsa chifukwa nyumba yathu ndiyo ili pafupi. (Mutu wa munthu ukafuna kukana, umakana ndithu.)

Kamtsikanako kanathirira pansi mwakhama, kakung'ung'udza. Kenako kanaima. Kanaika keni pansi, dzanja limodzi m'chiuno, kanatulutsa mimba, kanakankhira chipewa kumbuyo ndi chala chachikulu. Dzanja langa linali litanyamuka lokha kupita pachipumi, pamene chala changa chachikulu chimakankhira chipewa. Ndinalibweza msanga.

Kanakoka mpweya, n'kukuwa ndi mawu onse amene kanali nawo:

"Ndani uyooo! Mapazi anuwo! Ndikupachikani mu chigafa muume ngati fodya!"

Ana a pa benchi anakuwa n'kubalalika monga anaphunzitsidwira. Bwalo lonse linaphulika. Anthu anagwa m'mipando. A Lufeyo anagwada pansi akumenya dothi ndi chipewa. Asisitere anatembenukira kumtengo, koma msana wawo unkaoneka.

Munthu wanzeru akanaseka nawo. Ine ndinadzambatuka.

"Iwe! Wakuphunzitsa ndani zimenezo!"

Sindinadziwe kuti mawu anga amafika patali chonchija. Mbalame zinauluka mu mtengo. Ndipo ana anabalalikanso, koma ulendo uno sanali kusewera. A kutsidya, a mbali yathu, ngakhale a kumsana anayamba kulira. Kamtsikana kaja kanatuluka m'magambutsi osawavula, kanangodumpha. Magambutsi anga anatsala ataima okha pakati pa bwalo, chipewa chili pambali pake.



"Ine ndimakalipira mbuzi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndikakhala kumapeto kwa dimba sindiona bwino chimene chikudutsa. Ndimangoona kanthu kakuyenda pafupi ndi nazale."

"Alamu, khalani pansi," anatero a Lufeyo akupukuta misozi. "Palibe watchula dzina."

"Ife sitinatchule," anatero a Nangozo. "Tinasunga lamulo."

Mayi Kamwendo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Ndagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali, alembi. Aka n'koyamba kuona zotsatira zikudzitsimikizira zokha pamaso pa anthu."

Anthu anasekanso, koma a Nangozo sanaseke. Mwana wawo uja anali atakwirira nkhope m'chitenje chawo. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa, "Alembi, uyu anandifunsa kuti ana amene munawapachika mu chigafa mumawatsitsa nthawi ya chakudya kapena ayi."

Mawu amene ndinkauza njinga, mwana anawatenga n'kumagona nawo. Jekete linalemera ngati lanyowa.

Bambo wa bungwe uja anafunsa funso limodzi lokha. "Mfundo zija zikhalabe?"

"Zavomerezedwa ndi mudzi wonse," anatero a Lufeyo. "Kuphatikizapo ya dimba."

Ndinagwada. Pa fumbi, mu jekete, pamaso pa ana amene anachita kuwatulutsa pansi pa mabenchi ndi kuseri kwa chimbudzi. Ndinati pepani. Ndinati mu chigafa mwanga mulibe mwana, amene akufuna akaone. Palibe anafuna.

M'mawa mwake ndinakaima pa ulalo. Ndinaganiza kuti popeza vuto ndi nkhope yaukali, ndimwetulire. Ndinatulutsa mano onse n'kunena ndi mawu opyapyala, "Bwerani, ana anga, bwerani." Ana anaima patali, anayang'ana, kamodzi kanayamba kulira. Amake Tadala, amene anandiperekeza kuti aone ndi maso, anandikoka malaya.

"Tsekani pakamwapo. Mukuoneka ngati mwasankha kale woyamba kumudya."

"Nanga nditani?"

"Khalani pansi, muyang'ane kumbali, musanene kanthu."

Ndinakhala pa chitsa ngati wodwala mutu, ndikuyang'ana bango. Anawoloka kamodzikamodzi, mondilambalala. Patapita masiku, kamtsikana ka sewero kaja kanandipatsa nsapato zake kuti ndikanyamulire. Kenako ena anayamba kundigwira zala. Mwana wa a Nangozo ndiye anachedwa, koma tsiku lina anangobwera n'kukweza manja kuti ndimunyamule, osandiyang'ana kumaso. Anali wopepuka ngati mtolo wa fodya wouma, koma zimenezo sindinanene.

Za phala ndisanene zambiri. Loyamba linapserera, lachiwiri linali ndi mibulu, ndipo azimayi anandiphunzitsa kutakasa mosinthana, aliyense ndi mawu ake. "Alembi, mthiko saugwira ngati khasu." "Alembi, utsi wakufiiritsani maso, anatu athawa." Ndinapirira. Ndikafuna kuyankha ndinkayang'ana cha kudambo, n'kukumbukira dimba.

Abungwe anabweranso mitambo itayamba kusonkhana. Anapeza mikeka yosakwanira, ana ena atakhala pa matumba. Ufa unatsala kwathu. Nazale yanga ndiyo inalipira, chifukwa ana osaopa amayenda paliponse. Bedi la m'mphepete mwa njira linatha lonse ndikuona, chipewa ndachiluma. Mbuzi nazonso zinazindikira kuti zinthu zasintha. Ina ndinaipeza pakati pa nazale ana akuwoloka, ndinaiyandikira n'kuinong'oneza m'khutu za chigafa. Inandiyang'ana, n'kupitiriza kudya.

Amake Tadala ndinawafunsa kuti bwanji sanandikakamize kumva tsiku lija. Anati, "Malamulo sankalola." A Lufeyo mpaka lero tikakumana amayamba akweza chibwano kuti ndione bwino khosi lawo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti anthu onse akamakana kutchula dzina kwinaku akukuyang'ana m'maso, usapite kukanjuta m'bango. Pita kunyumba, ukawafunse akazi ako, malamulo ayambe adikira panja. Koma zoti ndine waukali ndikukanabe. Ana aang'ono ali ndi makutu ofewa, basi.

Mwezi wathawu mayi Kamwendo anandiimbira foni. Anati amva kuti anthu a mu komiti yathu asiya kubwera kumisonkhano, ndiye popeza ndili ndi luso, ndipangenso kafukufuku wina wamng'ono kuti tidziwe chifukwa chake.

Ndinati, "Amayi, musavutike. Pali bambo wina."